Kilatchi yopanda kebulo pa Zalewa

"Amisiri, njingayi ilibe kebulo!"

Anakuwa ndi mnyamata wa sipanala, atagwada pafumbi, mutu uli kunsi kwa thanki. Anyamata a kabaza omwe anali atandandalika njinga zawo pansi pa mlambe anafa nalo phwete. Njinga yamoto yopanda kebulo ya kilatchi? Ndiye giya imalowa ndi chiyani, pemphero?

Pamenepa m'pa Zalewa, pomwe msewu wochokera ku Mwanza umagwera mu M1, chakufupi ndi mlatho wa Shire. Amene anadikirapo basi pamalowa mwezi wa Novembala akudziwa kuti dzuwa lake silimva kupepesa, ndipo aliyense amafuna chifukwa chokhalira pamthunzi. Changa chinali njingayo. Inali yaitali, mpando kufika pamchombo wa munthu, mabokosi achitsulo uku ndi uku, nambala ya ku Gauteng itakwiririka ndi fumbi. Mwini wake atavula chisoti anthu anakhumudwa pang'ono poti ankayembekezera mzungu. Anali mwana wakwathu, wa ku Ntcheu, wogwira ntchito ku Joni. Njingayo anaigula kwa abwana ake itayenda kale ndithu, ndipo anali atabwera nayo yekha kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Zobue.

Amisiri, mdala wa imvi za m'ndevu, sanathamangire sipanala. Anamaliza kaye bango lawo, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Tafotokozani achimwene, zinayamba bwanji?"

"Madala, mpaka Harare inali bwinobwino. Nditadutsa Nyamapanda ndinapatukira thiraki, n'kugwera pamchenga mbali yakumanzereyi. Sindinavulale, ndinangoidzutsa. Pofika pa Tete handulo ya kilatchiyi inayamba kufewa. Ndikaipopa kawiri katatu imabwerera. Pamzere wa pa Zobue ndaifinya mpaka kugunda zala, njinga ikungofuna kuyenda yokha. Fili osapezeka. Panopa ndangoti ndiponde wani, yangoti gu, n'kuzima."

"Nanga pachitunda? Mukatsegula moto injini imalira yokha liwiro osaonjezereka?"

"Ayi, mphamvu ilipo yonse."

"Ndiye mapuleti asiyeni, alibe mlandu."

Funso limenelo ndinalikonda, chifukwa linadula ntchito ya tsiku lonse. Kilatchi imadwala mitundu iwiri yotsutsana. Ina imaterereka: injini ikulira koma mphamvu sikufika kutayala, ndipo pamenepo umakayikira mapuleti otha, masipuling'i ofooka kapena oyilo wolakwika. Ina imakana kulekana: wafinya handulo koma injini ikukokabe tayala. Ya achimwenewa inali yachiwiriyi, ndipo handulo yofewa yomwe imabwerera ukaipopa imaloza kunja kwa injini. Alipo amakaniko ambiri amene akanayamba n'kukhuthula oyilo, kumasula chivindikiro cha injini, kuyala mapuleti pasaka, kenako n'kuyamba kuganiza.

Pomwe pakanakhala kebulo panali kapaipi kakuda, kochokera pa kathanki kakang'ono ka pahandulo, kutsika m'mbali mwa felemu mpaka pafupi ndi sipuloketi yakutsogolo. Anakazindikira ndi makaniko wa maminibasi amene anangotulukira, monga amachitira anthu pamalo otere, tcheni cha makiyi chikulendewera m'chiuno.

"Izi ndi zathu izi. Ndi Hiace ya matayala awiri basi. Kumwambaku ndi masita, kumusiku ndi silevu. Yakoka mpweya. Mphwanga, thamanga ukagule buleki fuluwidi."

Theka la zimene ananena linali loona. Ukafinya handulo, kapisitoni ka mu masita kamakankha mafuta m'paipi. Mafutawo amakankha kapisitoni kena mu silevu, iko n'kukankha kandodo kachitsulo kolowa mu injini, kandodoko n'kutukula puleti yopanikiza kuti mapuleti a kilatchi alekane. Zonsezi zimatheka chifukwa mafuta sapanikizika: ukawakankha uku amakankha uko nthawi yomweyo. Mpweya umapanikizika. Kathovu kakalowa m'paipi, mphamvu ya dzanja lako imathera pofinya kathovuko, kandodo kaja n'kungosuntha theka la ulendo wake. Aphunzitsi ena opuma, omwe ankadikira basi ya ku Lilongwe ndi thumba la malambe, anayesa kuuza gulu kuti lamulo limeneli analilongosola ndi Blaise Pascal wa ku France m'zaka za m'ma 1600, koma palibe anawamvera chifukwa mnyamata uja anali atafika kale ndi botolo la DOT 4, atabowola kale ndi chala kapepala kotseka pakamwa pake.

Anamasula timasikuluwu tiwiri ta chivindikiro, n'kuchotsa kalabala kam'kati. Kathankiko kanali pafupifupi gwa, kutsala timafuta takuda pansi penipeni. Wa maminibasi anapendeketsa botolo.

"Taimani kaye," anatero amisiri.

"Madala, ndabulida magalimoto kuyambira muli ndi tsitsi lakuda."

"Sindikukana. Koma taimani."

Anaviika chala m'timafuta totsalato, n'kutikita ndi chala chachikulu, n'kununkhiza. Kenako anaitanitsa madzi pa kachivindikiro ka botolo la zakumwa, n'kudontheza dontho limodzi. Tonse tinaweramira pamenepo, mitu kugundana. Dontholo linayandama, lozungulira bwinobwino, lonyezimira padzuwa. Anatenga kachivindikiro kena ka madzi, n'kudontheza dontho la m'botolo logulidwa lija. Ilo linamira n'kumwazikana, madzi n'kuchita mbuu pang'ono, dontho osaonekanso.

"Mwaona? Si amodzi awa."

Atatero anapaka malovu pa chivindikiro cha kathanki kaja n'kupukuta fumbi la ku Tete. Zilembo zinatulukira, ndipo aphunzitsi, omwe tsopano anapeza ntchito, anawerenga mokweza n'kumasulira kuti muno muzithiridwa mafuta a mineral okhaokha.

"Safunsa anadya phula," anatero mayi wina wogulitsa mango, osadzutsa n'komwe mutu pa beseni lake.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya makilatchi amtunduwu, ndipo ndi pomwe njinga zambiri zimaphedwera ndi anthu ofuna kuthandiza. Madzi a DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 amapangidwa kuchokera ku glycol, ndipo malabala a m'makina ogwiritsa ntchito madziwa amapangidwa mowaganizira. Ukawathira mafuta a mineral malabalawo amafufuma n'kutsamwitsa kapisitoni. Makina a mineral ali ndi malabala amtundu wina, omwe DOT imawadya. Zoopsa zake n'zakuti tsiku lothiralo kilatchi imagwira bwino, wothira n'kulandira ndalama ndi zikomo. Vuto limadzatulukira patsogolo, munthu ali pakati pa tchire, ndipo likatero umasintha malabala onse, kumwamba ndi kumusi, n'kutsuka paipi. Palinso DOT 5, ya silikoni, yofiirira mwa mtundu wa maluwa a jakaranda, yomwe sisakanizika ndi ina iliyonse ngakhale nambala yake ili pakati pa 4 ndi 5.1.

Dzina la njinga silikuthandiza kwenikweni. BMW R1150GS imamwa DOT 4 ku kilatchi, koma R1200GS yomwe inailowa m'malo mu 2004 imamwa mineral. Njinga za KTM zina zili ndi masita ya Brembo, kampani ya ku Italy, ndipo zimafuna DOT. Zina zili ndi ya Magura ya ku Germany, yomwe kwa zaka zambiri inkayendera mafuta ake a mineral otchedwa Magura Blood. Ngakhale dzina la Magura lenilenilo masiku ano limapezekanso pa makina ena a DOT. Chodalirika ndi zolembedwa pachivindikiro ndi buku la njingayo. Buku la achimwenewa linatsala mu kabati ya abwana awo ku Johannesburg.

Wa maminibasi sanagonje msanga. "Chabwino. Nanga mineral wanuyo mumupeza kuti pa Zalewa pano?"

Amisiri sanayankhe. Iwo anali pa funso lina: mafutawo anapita kuti? Kilatchi simwa mafuta. Akachepa ndiye kuti atulukira penapake, ndipo kungothira ena osapeza pobowoka n'kutaya nthawi. Anayamba kumwamba. Anakankhira pambali kalabala kotchinga fumbi kuseri kwa handulo: kouma. Anatsata paipi ndi zala, kuipinda pang'onopang'ono pofuna ming'alu, makamaka pakhosi pomwe imapindika chiwongolero chikamatembenuka: youma. Atafika kumusi anaima. Pa bawuti yomangira paipi ku silevu panali chibuma cha fumbi lakuda, lonyowa, losiyana ndi girisi wa tcheni. Anachikanda ndi sikuludiraiva, n'kuuza mwini njinga kuti afinye handulo. Kadontho kanatuluka m'mphepete mwa kawashala.

"Pamene munagwa paja paipi inakokeka, bawuti n'kutembenuka pang'ono. Yakhala ikulira misozi kuchokera ku Mozambique."

Bawuti imeneyi ndi yobowoka m'kati kuti mafuta azidutsa, ndipo imatsekedwa ndi mawashala awiri a kopa, china pamwamba china pansi. Kopa amatseka chifukwa ndi wofewa, amaphwanyika pang'ono ukamanga. Akaphwanyika kamodzi amauma, ndiye mwalamulo umaika atsopano. Atsopano panalibe. Amisiri anakoleka mawashalawo pa kawaya n'kupita nawo kwa mnyamata wa chiwaya cha tchipisi, n'kuwalowetsa pakati pa makala, wina akukupiza ndi katoni. Atafiira anawaponya m'madzi, tswee, kenako n'kuwakhula pa sandipepala woyala pagalasi mpaka mizere yakale itafafanizika. Kopa ukamuwotcha chonchi amafewanso. Akanakhala a aluminiyamu, amisiri anati, sakanayerekeza, chifukwa amasungunuka asanakuchenjeze. Pomanga anagwira sipanala pafupi ndi mutu, ndi zala zitatu, poti bawuti yobowoka imathyoka msanga ndipo mazinga a mu silevu ndi ofewa.

Tsopano mafuta. Maso a amisiri anapita pakhonde la sitolo, pomwe atelala ankapalasa makina awo.

"Ayi ayi," anatero atelala asanapemphedwe n'komwe. "Mafuta anga a makina akalowe m'njinga? Ndiye mayunifolomu a anawa ndisoka ndi malovu?"

"Akugulirani ena achimwenewa, awiri."

"Anene okha."

Ananena okha. Mafuta a makina osokera ndi a mineral, opepuka, oyera, opanda zosakaniza zambiri, n'chifukwa chake oyenda maulendo ataliatali panjinga zotere amawatchula pamodzi ndi mafuta odzoza makanda ngati pothawira zikavuta. Si mafuta ake enieni, ndipo amisiri ananena poyera kuti awa ndi ongofikitsa munthu kumudzi. Koma sadya malabala, pomwe botolo la DOT 4 lija, lomwe ndi lopangidwira ntchito yofanana ndi yomweyi, likanawadya.

Kubulida anayamba ndi wa maminibasi, poti anafunika kubweza ulemu wake. Anadzaza kathanki, n'kuika sipanala ya 8 pa kanipo ka silevu.

"Popa! Popa! Popa! Gwira!"

Amatsegula, timafuta n'kutuluka pang'ono, n'kutseka. "Siya. Popanso!" Anachita izi mpaka mwini njinga anayamba kusinthanitsa manja. Handulo inalimbako pang'ono koma osafika. Njira imeneyi ndi yabwino pagalimoto, pomwe phazi limakankha mafuta ambiri nthawi imodzi. Masita ya njinga ndi yaing'ono kwambiri, ndipo paipi yake yaima chilili. Ukakankhira kathovu pansi pang'ono, pamene ukutseka nipo n'kusiya handulo, iko kakwereranso pomwe kanali. Mpweya umafuna kumwamba, ndiye iwo ankalimbana nawo kuti utsike.

"Mphwanga, pita kusitolo ya mankhwala a ziweto ukagule sirinji yaikulu ija yobayira ng'ombe. Singano usatenge."

Sirinji itabwera, amisiri anadula kapaipi koonekera m'kati, n'kukalumikiza kukamwa kwake. Anakoka mafuta a atelala, n'kuimika sirinji chagada, kuigogoda ndi chikhadabo mpaka mpweya wonse utasonkhana pamwamba, n'kuutulutsa. Anavala kapaipiko pa nipo, n'kutsegula pang'ono chabe. Mwini njinga anauzidwa kuti atembenuze chiwongolero mpaka kathanki kakhale mowongoka, ndipo handulo asaikhudze. Kenako anayamba kukankha pang'onopang'ono, kuchokera pansi kupita kumwamba.

Ine ndinali kumtunda, pafupi ndi kathanki. Poyamba panalibe kanthu. Kenako pa kabowo kakang'ono ka pansi pake panatuluka kathovu kamodzi, kena, kenako mndandanda wa tating'onoting'ono, pambuyo pake chithovu chachikulu chomwe chinaphulika n'kuwaza mafuta pa galasi loonera kumbuyo. Ana anakuwa. Kunatsatira mafuta akale, akuda bii, omwe mnyamata wa sipanala ankawapopa ndi kansanza kuti asasefukire. Amisiri anadzazanso sirinji, n'kubwereza, uku akugogoda paipi ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kuti thovu lomatirira m'makona lisunthe. Pamene zotuluka kumwamba zinayamba kufanana ndi zolowa kumusi, anatseka nipo sirinji ikadali yopanikizidwa.

Mnyamata anafuna kudzaza kathanki mpaka pakamwa, poganiza kuti ulendo ndi wautali. Anamuletsa. Kamafunika kampata, chifukwa mafuta akatentha amafufuma. Komanso pali chinthu chimene ambiri ozolowera mabuleki sachidziwa: ku mabuleki, mapadi akamatha mafuta amatsika, koma pa njinga zambiri zamtunduwu mapuleti a kilatchi akamatha mafuta amakwera, poti kandodo kaja kamabwerera n'kukankhira kapisitoni m'mbuyo. Akasowa kopita amapanikiza kilatchi ngati kuti wina waigwira pang'ono, n'kuyamba kuterereka. Zomwezi zimachitika munthu akamangitsa kasikuluwu ka pahandulo mpaka kapisitoni ka masita katseke kabowo kobwererako mafuta: m'mawa njinga ili bwino, injini ikatentha mphamvu yatha.

Pamene ankamanga chivindikiro, mkangano unali utabuka kale pansi pa mlambe.

"Zonsezi chifukwa cha kilatchi? Ine Boxer yangayi kebulo ikaduka ndimasintha kasitomala ali chiimire."

"Yanga ndinamangirira kale ya sipeya m'mbali mwa inzake. Ikaduka ndimangokoleka."

"Koma madzulo dzanja limakhala lili bwanji?" anafunsa achimwene a ku Joni. "Tafinyani iyi muone."

Anafinya mmodzimmodzi, ena kawiri. Palibe anatsutsa kuti ndi yofewa, ngakhale ikutukula masipuling'i a injini yoposa yawo kangapo.

Ine pamkanganowu ndili kumbali ya a kabaza, koma osati pa chifukwa chawo. Kilatchi ya mafuta ndi yabwino kuposa ya kebulo pa zambiri: imadzisintha yokha mapuleti akamatha, fumbi ndi mvula sizilowa, ndipo silimba ndi dzimbiri. Koma kebulo imadwala poonekera. Timawaya timayamba kuthothoka pafupi ndi handulo, umationa, umagula ina pa sitolo iliyonse kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ya mafuta imadwalira m'kati, ndipo mankhwala ake ali kutali. Munthu amene chakudya cha ana ake chimachokera panjinga tsiku ndi tsiku sangadikire kalabala kochokera ku Joni. Chimene a kabaza samanena n'chakuti kebulo yawoyo amaizunza. Handulo imafunika kampata koseweretsa ka mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga isanayambe kukoka; ambiri amaimanga mpaka gwa, n'kukweza matumba atatu a makala, n'kuthira mu injini oyilo wa galimoto. Mapuleti a njinga zawozo amasambira mu oyilo yemweyo wa injini, ndipo oyilo wina wa galimoto ali ndi zoterereketsa zomwe kilatchi sigwirizana nazo. Pa botolo pamafunika pakhale chizindikiro cha JASO MA kapena MA2, muyezo wa ku Japan wa oyilo wa njinga zamoto. Ndinafunsa mnyamata wina ngati amayang'ana zimenezo. Anati amayang'ana mtengo.

Anyamata anayi anapendeketsa njinga ija pa sitandi mpaka tayala lakumbuyo litasiya nthaka. Mwini wake analiza injini, n'kufinya handulo, n'kuponda wani. Inalowa ndi kaphokoso kakang'ono. Tayala linazungulira mwaulesi, amisiri n'kuliimitsa ndi nsapato, injini osasintha kalilidwe. Anakweza phazi pang'ono, kagetsi kobiriwira ka fili n'kuyaka ulendo woyamba. Anaitsitsa, n'kupita nayo chakumlatho n'kubwerera. Amisiri anapukuta bawuti ija ndi pepala loyera n'kuliyang'ana padzuwa: louma.

"Mvetserani achimwene. Usiku uno mukafika, mangani handulo ku chigwiriro ndi kalabala, igone choncho. Ngati mwatsala thovu likwera lokha. M'mawa tsegulani muone mlingo. Ukatsika koma kunja kuli kouma, ndiye kuti kalabala ka mu silevu kakutayira mafuta m'kati mwa injini. Pamenepo musabwerere ku Joni musanasinthe. Imbirani anzanu akutumizireni pa basi malabala ndi mafuta ake enieni, ndi mawashala anayi. Akafika mudzakhuthule a atelalawa."

"Nanga ndizisintha pakapita nthawi yaitali bwanji?"

"Akada, sinthani. Asanade, buku likuuzani."

Aphunzitsi anaonjezera kuti kwa a DOT lamulo lofala ndi zaka ziwiri zilizonse, ndipo apa ananena zoona. DOT imakoka chinyezi cha mumpweya. Muyezo wake umafuna kuti DOT 4 yatsopano isawire pansi pa madigiri 230, koma ikamwa madzi malire amatsikira pa 155, ndipo madziwo amadyanso zitsulo m'kati. Mafuta a mineral sakoka chinyezi, komanso sasupula penti monga imachitira DOT ikadonthera pa thanki.

Kulipira kunatenga nthawi kuposa kubulida. Atelala anakumbutsa za mabotolo awiri. Wa tchipisi anati makala ake anagwira ntchito. Wa maminibasi anati mpweya wambiri anautulutsa ndi iye, amisiri anangomalizitsa. Achimwene a ku Joni anaseka, n'kupatsa aliyense kangachepe, n'kugulanso mango a mayi aja omwe analibe powaika. Sirinji anaitenga, amisiri atawauza kuti aziyenda nayo.

Njinga italowera cha ku Balaka, mnyamata wa sipanala anatumidwa kukabweza botolo la DOT 4. Anabwerera nalo.

"Akana. Akuti ndinabowola kale."

"Akunena zoona. Lotsegula silikhalitsa. Funsa anzakowa, alipo wa buleki ya disiki kutsogolo?"

Analipo mmodzi, wa Lifan yofiira. Analitembenuza botololo, n'kuwerenga, n'kupita kukapukuta chivindikiro cha buleki yake ndi malaya kuti aone zolembedwapo.

"DOT 3 kapena 4," anatero. "Ndikupatsa theka."

"Theka? Silinathiridweko ngakhale dontho!"

"Dontho linathiridwa. Tonse tinaona."